Mwana wa m'kwaya akaulula kuti wophunzitsa amamugwiragwira

Funso: Mtsikana wa zaka 13 wa m'kwaya ya ana wandiuza kuti wophunzitsa kiyibodi amamugwira malo obisika akatsala awiri. Nditani?

Choyamba mumvetsereni modekha ndipo mumuuze kuti sanalakwe. Musamuikire mawu m'kamwa ndi mafunso monga "anakuvula?", chifukwa amafooketsa umboni kukhoti. Musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni kuti mudziwitsa okhawo amene angamuthandize.

Tsiku lomwelo lembani mawu ake momwe wawanenera, tsiku, nthawi ndi malo. Kenako imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi. Dziwitsaninso ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, komanso makolo ake.

Ngati wagwiriridwa, chipatala chisadikire mawa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Zovala zomwe anavala zisachapidwe.

Apa ndi pomwe mipingo yambiri imalakwitsa: kuitana wophunzitsayo ndi mwana pamaso pa akulu ampingo kuti "zithere konkuno". Mwana amachita mantha nabweza mawu ake, munthuyo n'kupeza mpata woopseza banja. Uwu ndi mlandu wapolisi. Wophunzitsayo aimitsidwe kaye, asakumane ndi mwana aliyense wa m'kwayamo.

Kuyambira pano, phunziro la mwana mmodzi lizichitika chitseko chili chotsegula, wamkulu wina ali pafupi. Pokonza kaikidwe ka zala, wophunzitsa azisonyeza ndi manja ake. Mauthenga a WhatsApp azipita kwa makolo, osati kufoni ya mwana.