Mukufuna kupita ku Germany? Yambani ndi chiyankhulo, za ndege zibwere pambuyo

Anthu ambiri akamati ndikufuna ndipite ku Ulaya amayamba ndi kufunsa mtengo wa tikiti ya ndege, koma abale tikitiyo ndiye chinthu chomaliza penipeni. Ku Germany makomo olowera alipo angapo ndipo ndi ovomerezeka, boma lawo lomwe limanena poyera kuti likusowa anthu antchito makamaka m'zipatala, malo osamalira okalamba, ntchito zamagetsi, zomangamanga ndi zamakompyuta, koma pafupifupi khomo lililonse kiyi wake ndi Chijeremani. Ndiye ngati simunayambe kuphunzira yambani lero, mapepala enawo mudzasonkhanitsa mukuphunzira.

Milingo yake imayenda chonchi, A1, A2, B1, B2 mpaka C2. A1 ndi ya moni ndi kugula buledi basi. B1 ndi pomwe mumayamba kucheza ndi munthu osatuluka thukuta kwambiri, ndipo ndi yomwe amafuna kawirikawiri pa viza yokaphunzira ntchito, pomwe sukulu zambiri za unamwino zimafuna B2. Munthu wolimbikira tsiku ndi tsiku amatha kufika B1 pafupifupi chaka chimodzi, amene amakuuzani kuti miyezi itatu yakwana akungofuna ndalama yanu. Pa webusayiti ya Deutsche Welle pali maphunziro aulere abwino zedi, bandulo yokha ndiye ndalama yanu. Koma dziwani kuti satifiketi ya kwa aphunzitsi a kuseri kwa msika siigwira ntchito ku embase, amafuna mayeso odziwika monga a Goethe, telc kapena ÖSD, ndiye mu bajeti yanu muikemo ndalama ya mayeso komanso mwina ya ulendo, chifukwa ena amakalembera ku Dar es Salaam, Nairobi kapena Johannesburg komwe kuli Goethe-Institut, bungwe la ku Germany lophunzitsa Chijeremani ndi kulembetsa mayeso ake. Ndipo malo amatha msanga, bukani mwachangu.

Tsopano sankhani khomo malingana ndi zomwe muli nazo m'manja, osati zomwe mnzanu wa pa Facebook anadzera.

Khomo lomwe ine ndimaliona kuti ndi la munthu wamba ndi lomwe amalitcha Ausbildung. Apa mumaphunzira ntchito kwinaku mukugwira, masiku ena kusukulu masiku ena kukampani, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, ndipo amakulipirani mwezi ndi mwezi m'malo moti inu mulipire fizi. Unamwino ndi zaka zitatu ndipo ndi umodzi mwa maphunziro olipira bwino, chaka choyamba chomwe mumadutsa mayuro 1,000 pamwezi asanadule misonkho. Ena monga ophika kapena ometa amalandira zochepa, ndipo malipiro akachepera pa mlingo womwe embase imafuna mumayenera kuonetsa ndalama yoonjezera. Chachikulu apa ndi kontrakiti, mumalembera nokha ku chipatala kapena kukampani, kalata ndi CV zanu m'Chijeremani, intavyu amapangira pa vidiyo, akakutengani amakutumizirani kontrakiti ndiye ndi yomwe mumapita nayo kokapempha viza. Maphunziro ambiri amayamba Ogasiti kapena Seputembala, a unamwino ena amayambanso Epulo kapena Okutobala, ndiye kulembera kumayamba miyezi yambiri m'mbuyo. Lemberani malo ambiri ndipo musamangothamangira Berlin ndi Munich, matauni ang'onoang'ono ndi omwe akusowa anthu kwambiri, lendi ndi yotsika, nthawi zina chipatala chomwecho chimakupatsani chipinda.

Apa pali nkhani yomwe maejenti safuna muidziwe. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali pa mndandanda wa WHO wa maiko omwe akusowa okha antchito azaumoyo, ndiye lamulo la ku Germany limaletsa makampani a anthu wamba kumakatenga anamwino ndi osamalira odwala m'maiko amenewa. Inuyo panokha kulembera ntchito mwakufuna kwanu ndi kololedwa, koma munthu akabwera ndi suti ndi ofesi yokongola mutauni nkumati ndimatumiza manesi ku Germany ingolipirani mamiliyoni awiri, dziwani kuti pali chinachake chosalongosoka. Ndipo viza sagulitsa, ya nthawi yaitali mtengo wake ndi mayuro 75, palibe amene ali ndi "mnzake mkati". Pasipoti yanu musasiye kwa ejenti aliyense olo atakhala wa kutchalitchi kwanu.

Kwa achinyamata omwe Chijeremani chikadali chochepa pali makomo awiri ang'onoang'ono. Loyamba ndi la au pair, kukhala pabanja la Chijeremani nkumathandiza kulera ana, zaka 18 mpaka 26, A1 imakwana, maola 30 pasabata, amakupatsani chipinda, chakudya ndi mayuro 280 pamwezi, osapitirira chaka chimodzi. Ndalamayo ndi ya sopo chabe, musalonjeze kumudzi kuti mukhoma malata. Phindu lake ndi loti mukumva chiyankhulo m'mawa mpaka usiku ndipo chakacho chikamatha mumakhala mwafika B1 kapena B2 nkulembera Ausbildung muli komweko. Lachiwiri ndi ntchito yodzipereka yomwe amaitcha FSJ kapena BFD, kawirikawiri chaka chimodzi m'chipatala, kumalo a okalamba kapena a olumala, FSJ ndi ya osafika zaka 27 pomwe BFD ilibe malire a zaka. Ambiri amayenda chonchi, au pair, kenako FSJ, kenako Ausbildung. Ndi njira yozungulira koma imafikitsa.

Muli ndi digiri ya ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni kapena MUST? Ndiye ganizirani za masitazi. Mayunivesite ambiri a boma ku Germany salipiritsa fizi ngakhale kwa alendo, mumangopereka kandalama ka semesita kamene kamakhala mayuro mazana angapo. Kupatula chigawo cha Baden-Württemberg komwe kuyambira 2017 ochokera kunja kwa EU amalipira mayuro 1,500 pa semesita, komanso yunivesite ya TU Munich inayamba kulipiritsa mu 2024. Masitazi ambiri amaphunzitsa m'Chingerezi, muwapeza pa webusayiti ya DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira ochokera kunja, ndipo mafomu ambiri amadzera ku uni-assist, ofesi yowunika mafomu a ophunzira ochokera kunja, komwe yoyamba ndi mayuro 75, ina iliyonse yoonjezera 30. Musanataye ndalama lowani pa anabin, ndi kaundula wawo woonetsa ngati sukulu yanu ndi pepala lanu amazizindikira. Wa MSCE yokha asayembekeze kungolowa chaka choyamba, onani kaye pa anabin pomwepo zomwe amafuna, ambiri ochokera kunja amayamba adutsa chaka chokonzekera chotchedwa Studienkolleg.

Pomwe pamagwera anthu ambiri ndi pa akaunti yotsekedwa, iwo amati Sperrkonto. Sukulu ndi yaulere inde koma boma limafuna umboni woti simukagona ndi njala, ndiye mumaika ndalama ya chaka chonse mu akaunti imeneyi musananyamuke, kuyambira Seputembala 2024 inali mayuro 11,904, ndipo mukafika amakutulutsirani 992 pamwezi osati yonse nthawi imodzi. Makampani odziwika otsegulitsa akauntiyi ndi monga Fintiba ndi Expatrio. Isinthireni ndalamayo m'makwacha muone mmene mutu uzungulire, kuonjezera apo vuto la foreksi lomwe tonse tikulidziwa, kubanki mupite msanga ndi kalata ya sukulu osadikira sabata yomaliza. Ndalamayi imasinthasintha ndiye onani yatsopano pa webusayiti ya embase ya Germany ku Lilongwe, pomweponso ndi pomwe muone komwe mafomu a viza yanu amaperekedwa. Njira zozembera akauntiyi zilipo ziwiri, sikolashipu monga za DAAD, zomwe zina zimafuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka ziwiri atamaliza digiri, kapena munthu wokhala ku Germany wamalipiro okwanira asaine chikalata chotchedwa Verpflichtungserklärung kuti akusamalirani. Chikalata chimenechi ndi cholemera, boma limadzamugwira iyeyo zikavuta, ndiye wachibale akakana musamutenge ngati mfiti.

Wophunzira amaloledwa kugwira ganyu masiku athunthu 140 kapena matheka 280 pachaka, ndipo malipiro otsikitsitsa mwalamulo anali mayuro 12.82 pa ola mu 2025, kuchoka Januwale 2026 ndi 13.90. Mukamaliza sukulu amakupatsani miyezi 18 yofunafuna ntchito. Koma ndinene pano, ophunzira m'Chingerezi ambiri amanyozera Chijeremani kenako pa miyezi 18 ija ndi pomwe amalira, chifukwa kunja kwa makampani akuluakulu a zamakompyuta abwana ambiri amafuna munthu woyankha foni m'chiyankhulo chawo.

Palinso Chancenkarte yomwe inayamba mu Juni 2024, khadi yopita kukasaka ntchito kwa chaka chimodzi. Amawerenga mapointi, mufike 6, kutengera maphunziro, zaka zomwe mwagwira ntchito, msinkhu ndi chiyankhulo, ndipo poyambira pake ndi A1 ya Chijeremani kapena B2 ya Chingerezi. Mumaloledwa ganyu ya maola 20 pasabata. Koma nayonso imafuna muonetse ndalama yopitirira mayuro 1,000 pamwezi kwa chaka chonsecho, ndiye kwa ambiri a ife ndi khomo la anthu omwe ali kale ndi kangachepe. Chomwe musayerekeze ndi kupita pa viza yokacheza ya masiku 90 nkumati ndikasintha ndikafika. Nthawi zambiri sizitheka, mumangosanduka munthu wobisala, wopanda inshuwalansi, wogwira ntchito zobedwa malipiro.

Mapepala konzani msanga, pasipoti yokhala ndi nthawi yokwanira, satifiketi yobadwira, masatifiketi a sukulu ndi matransikiripiti, zina amafuna zomasuliridwa m'Chijeremani ndi womasulira wovomerezeka. Dzina lilembedwe chimodzimodzi paliponse. Kwathu kuno timazitenga mopepuka zoti pa MSCE pali Chimwemwe pomwe pa pasipoti anaphonya chilembo chimodzi, kapena tsiku lobadwa lasiyana, koma kumeneko kachilembo kamodzi kakhoza kuimitsa fayilo yanu miyezi. Zikonzeni mukadali kuno.

Mwatsika ndege, nkhondo ina yayamba, ya mapepala. Pasanathe masiku 14 mutalowa m'nyumba mukalembetse adiresi yanu ku ofesi ya mzinda, amati Anmeldung, ndipo mutenge kalata yosainidwa ndi landilodi yotsimikiza kuti mumakhaladi pamenepo. Popanda Anmeldung zinthu zambiri zimaima, nambala ya msonkho imabwera pa positi pa adiresi yomweyo, ndipo popanda nambalayo abwana amakudulani msonkho wokwera. Choncho chipinda chilichonse chomwe akukuuzani kuti "palibe Anmeldung" chisiyeni olo chitchipe bwanji. Lembani dzina lanu pa kabokosi ka makalata pakhomo, akapanda kulipeza wapositi amabwerera nayo kalata, ndipo dziko limeneli limayendera makalata a pepala, envelopu iliyonse tsegulani tsiku lomwelo chifukwa zambiri zimakhala ndi tsiku lomalizira kuyankha. Inshuwalansi yachipatala ndi yokakamiza, odziwika ndi monga TK, AOK ndi Barmer. Viza isanathe pemphani chilolezo chokhala ku ofesi ya alendo, Ausländerbehörde, m'mizinda ikuluikulu kupeza tsiku lokaonana nawo kumatenga nthawi ndiye lemberani msanga nkusunga umboni woti munalemba nthawi isanathe.

Nyumba ndiye mutu waukulu. Ambiri amayamba ndi WG, nyumba yogawana, aliyense chipinda chake koma khitchini ndi bafa limodzi, amazisaka pa WG-Gesucht. Lendi imalembedwa pawiri, Kaltmiete ndi ya nyumba yokha pomwe Warmmiete yaphatikiza zotenthetsera ndi zina, inu muziyang'ana yachiwiriyo. Dipoziti mwalamulo siipitirira lendi ya miyezi itatu ya Kaltmiete. Ndipo akuba aliponso kumeneko, wina amaika zithunzi zokongola nkumati ndili kunja kwa dziko tumizani dipoziti ndikutumizireni makiyi, musatumize kalikonse musanaone nyumba ndi kontrakiti. Kenako idzabwera kalata ya msonkho wa wailesi ndi TV, mayuro 18.36 pamwezi pa nyumba iliyonse, muli ndi TV kapena mulibe, mu WG mumangosonkherana.

Tina ting'onoting'ono toti tingakupweteketseni. Lamulungu masitolo amatseka, gulani Loweruka. Basi ndi sitima mulibe kondakitala wokuitanani, mumangokwera, koma oyendera akakupezani mulibe tikiti faindi ndi mayuro 60 ndipo mukabwerezabwereza ukhoza kukhala mlandu woti udzakuonongereni mapepala, bola kugula Deutschlandticket ya pamwezi yoyendera mabasi ndi sitima wamba dziko lonse. Mabotolo apulasitiki ndi zitini osataya, mukabweza mu mashini a musitolo ambiri ndi masenti 25 lililonse. Nthawi ndi nthawi, 8 koloko ndi 8 koloko. Mu Disembala 4 koloko madzulo kunja kwada kale ndipo mdima umenewu umalemera mumtima kuposa kuzizira komwe, pezani tchalitchi, mzikiti, timu ya mpira kapena gulu la anzanu msanga musanayambe kudzitsekera m'chipinda. Ufa wa nsima umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa ndi Asia, jekete yeniyeni mukagule komweko, za pa kaunjika zambiri sizipirira Januwale wa kumeneko.

Za kukhazikika, amene waphunzira ntchito kapena digiri ku Germany komweko amatha kupempha chilolezo chokhala mpaka kalekale atagwira ntchito ya maphunziro akewo zaka 2, wobwera ndi mapepala akunja ovomerezeka ndi zaka 3, bola akhale akupereka za penshoni ndipo ali ndi B1. Unzika kuyambira Juni 2024 umatheka pakatha zaka 5, muli ndi B1, mwakhoza mayeso a unzika, mukudzidalira osadalira thandizo la boma komanso mulibe milandu. Lamulo lomwelo linalola kukhala ndi mapasipoti awiri, ndipo Malawi nayenso anasintha lamulo lake kuti alole unzika wa maiko awiri, ndiye pasipoti yakwanu simukuyenera kuitaya. Mapepala onse a malipiro, makontrakiti ndi makalata a penshoni muziika mu fayilo kuyambira mwezi woyamba chifukwa tsiku lopempha zimenezi adzawafuna, ndipo malamulowa amasintha boma likasintha ndiye musanapange chilichonse muzionanso pa Make it in Germany, webusayiti ya boma lawo yomwe ili ndi Chingerezi.