Ana ankalephera kutsegula manotsi anga pa Google Drive

Ndimaphunzitsa Biology ku Fomu 4. Mayeso a MSCE atayandikira ndinaika manotsi onse pa Google Drive, malo osungirako mafayilo pa intaneti, n'kutumiza linki pagulu lathu la WhatsApp. Usiku womwewo mauthenga anangoti mbwee: "Aphunzitsi, sizikutseguka." M'mawa mtsikana wina anabwera ndi foni ya amayi ake, yosweka galasi pakona, kudzandionetsa mawu oti apemphe kaye chilolezo. Zinandipweteka mtima, chifukwa ena anali atagula bandulo ndi ndalama ya chakudya chamasana.

Fayilo ukangoiika pa Drive imakhala pa Restricted, ndiye amaitsegula ndi okhawo amene wawalemba ndi imelo yawo. Ndinalowa pa Share, pa General access ndinasankha Anyone with the link, n'kusiya pa Viewer kuti wina asafufute kanthu mwangozi. Inatseguka pompo, mtsikanayo akuona.

Zithunzi za pabolodi nazo zinali zolemera kwambiri. Ndinajambulanso masamba a manotsiwo ndi Scan ya mu pulogalamu ya Drive, yomwe imawasonkhanitsa kukhala PDF imodzi. Tsopano mmodzi akaitsitsa, amagawira anzake pa Bluetooth akaweruka, osawononganso bandulo.