Mmene mungadziwire moyo wa a Yash Chopra poonera mafilimu awo

Ambiri a ife amene timagwira ntchito m'masitolo a ku Fordsburg ndi ku Mayfair kuno ku Johannesburg tinakulira m'mavidiyo sho kumudzi, ndipo mafilimu achimwenye timawadziwa. Koma mutifunse amene anawapanga, timangotchula Amitabh Bachchan kapena Shah Rukh Khan, pamene awa ndi ochita sewero. Dayirekita amene anagwira ntchito ndi onse awiriwa pa nthawi imene mayina awo ankakula ndi a Yash Chopra. Ine ndimauza anzanga kuti munthuyu mukhoza kumudziwa bwino mukaonera mafilimu ake mwadongosolo, osati kungotola iliyonse.

Musayambe ndi mafilimu achikondi aja ovinira pa mapiri a ku Switzerland. Yambani ndi komwe anabadwira. A Chopra anabadwa mu 1932 ku Lahore, mzinda umene unagwera mbali ya Pakistan dziko la India litagawidwa mu 1947. Kwawo kunasanduka dziko lachilendo iwo ali mnyamata. Ntchito anaiphunzira ku Bombay (masiku ano Mumbai) pothandiza akulu awo, a B. R. Chopra. Filimu yoyamba ya a Yash, Dhool Ka Phool ya 1959, ikunena za bambo wachisilamu amene akulera khanda lotayidwa la makolo achihindu. Yachiwiri, Dharmputra ya 1961, ikunena za chidani cha zipembedzo pa nthawi yogawa dziko ija. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, nkhani imayenda pang'onopang'ono, choncho onerani imodzi yokha mwa ziwirizi, koma musadumphe zonse.

Kenako pitani pa Deewaar ya 1975. Apa m'pofunika kukhazikika, foni ili kutali. Ndi nkhani ya abale awiri oleredwa ndi mayi awo movutika: wamkulu, amene ndi Amitabh, amayamba ndi kusenza katundu padoko n'kukhala mkulu wa zigawenga, wamng'ono amalowa upolisi. Yang'anitsitsani dzanja la wamkuluyo. Ali mwana, anthu okwiya anamulemba mphini pamkono zonena kuti bambo ake ndi mbava, ndipo chilichonse chimene amachita atakula chimachokera pa chilembo chimenecho. Onaninso kachitsulo ka ntchito kamene amavala padoko, kolembedwa 786. Nambala imeneyi timaiona tsiku ndi tsiku pa zikwangwani za masitolo achisilamu kuno ku Johannesburg. Funsani mnzanu wachisilamu akufotokozereni chifukwa chake amailemekeza, mudzamvetsa chifukwa chimene mnyamatayo sakataya kachitsuloko. Kwa ine filimu iyi ndiyo yopambana pa zonse zimene anapanga, ndipo aliyense amene anasiya mayi kumudzi kudzasaka ndalama imamugwira mtima. Amene muli ndi abale amene anagwirako ntchito m'migodi ya kuno muwonjezere Kaala Patthar ya 1979, ya anthu okumba malasha.

Tsopano mukhoza kulowa m'zachikondi. Dziwani kaye kuti m'zaka za m'ma 1980 zinthu zinawavuta, mafilimu angapo sanayende malonda ngakhale anali kale ndi kampani yawoyawo, Yash Raj Films. Imene inawadzutsa ndi Chandni ya 1989, mmene munasewera mayi wotchuka, Sridevi. Darr ya 1993 ndiyo inawakumanitsa ndi Shah Rukh Khan, amene m'menemo ndi munthu woopsa wolondalonda mkazi.

Ikatha imeneyo muonere Veer-Zaara ya 2004, ndipo apa m'pamene muone phindu loyamba ndi zakale zija. Mnyamata wa ku India akukonda mtsikana wa ku Lahore, n'kukhala zaka 22 m'ndende ya ku Pakistan kuti asaipitse dzina la mtsikanayo. Amene anaijambula ndi nkhalamba ya zaka zoposa 70 imene ikubwereranso ku nkhani ya malire yomwe inayamba nayo. Woonera filimuyi payokha amangoona misozi ndi nyimbo.

Za kaonedwe kake: ambiri mwa mafilimuwa amatenga pafupifupi maola atatu, ndipo anawapanga kuti pakati anthu azipuma. Ngati mumaweruka mochedwa, gawani pawiri pamalo opumirapo, theka Loweruka usiku, theka Lamulungu mukachoka kutchalitchi. Sankhani yokhala ndi mawu achingerezi olembedwa pansi, osati yoikidwa mawu a anthu ena, chifukwa mawu a Amitabh enieniwo ndi mbali ya seweroli. Nyimbo musamazithamangitse, m'mafilimu a bambowa zimene munthu akulephera kunena pakamwa zimanenedwa m'nyimbo. Deta imadula, ndiye gwiritsani ntchito Wi-Fi pamene ilipo, kapena sonkhanani anthu anayi m'chipinda chimodzi.

Chenjezo limodzi, poti pa ichi anthu amakangana kwambiri. Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995 sanatsogolere ndi iwo ayi, koma mwana wawo Aditya. Iwo anali mwini ndalama. Yomaliza yawo ndi Jab Tak Hai Jaan, imene inatuluka mu November 2012, patangotha masabata atatu iwo atamwalira ndi matenda a dengue ku Mumbai, ali ndi zaka 80. Imeneyo muisunge kumapeto.