Momwe mungakonzekeretsere ophunzira mtsutso wa nkhondo yobweretsa demokalase

Ngati mumayang'anira kalabu ya mtsutso kusekondale ndipo mwapatsidwa mutu wakuti "nkoyenera kutumiza asilikali kudziko lina kuti akakhazikitse demokalase", nayi njira imene ine ndimatsata. Zogawa ana m'mbali yovomereza ndi yotsutsa mukuzidziwa kale.

Choyamba, sonkhanitsani zitsanzo. Musachulutse, zinayi zakwana: Iraq 2003, Libya 2011, Gambia 2017 ndi Lesotho 1998. Bandulo ya intaneti yakwera mtengo, choncho tsitsani nkhanizo pafoni imodzi, ana akopere m'makope, osalimbana ndi fotokope. Chenjeraninso ndi anthu ogulitsa manotsi a mtsutso pa WhatsApp. Ena ndinawaona atalemba chiwerengero cha anthu ofa ku Iraq osatchula gwero, pomwe ofufuza enieniwo amasiyana kwambiri pa nambalayi. Oweruza akafunsa kuti mwaitenga kuti, mwana amangoti kakasi.

Chachiwiri ndiye pagona nkhani. Anawo amvetse kuti asilikali amalowa m'dziko la eni pa zifukwa zosiyana. Chaka china tinagonja chifukwa cha zimenezi. Wolankhula wathu woyamba anatchula asilikali a Malawi amene anapita ku DRC pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa pansi pa United Nations kuyambira 2013, nkunena kuti umenewo ndi umboni wakuti nkhondo imabweretsa demokalase. Mbali inayo inangofunsa kuti, "Kodi anapita kukachotsa boma liti?" Palibe. Anapita kukateteza anthu wamba kwa zigawenga, boma la dzikolo likuvomereza. Mfundo zathu zonse zinagwera pomwepo.

Ndiye jambulani mizati itatu pabolodi: kusungitsa mtendere, kubwezeretsa mtsogoleri amene anthu anamusankha, ndi kugwetsa boma kuti muikepo lina. Gambia ili pamzati wachiwiri. Pulezidenti Yahya Jammeh anagonja pachisankho cha Disembala 2016, anavomera, kenako anatembenuka. Adama Barrow, yemwe anapambana, analumbirira ku ofesi ya kazembe wa dziko lake ku Dakar m'dziko la Senegal, asilikali a ECOWAS, bungwe la maiko a kuzambwe kwa Africa, motsogozedwa ndi Senegal analowa mu Gambia, ndipo pa 21 Januwale 2017 Jammeh anathawira ku Equatorial Guinea. Anthu anali atalankhula kale ndi voti, asilikali anangoonetsetsa kuti mawu awo asaponderezedwe. Iraq ili pamzati wachitatu. America ndi Britain anagwetsa Saddam Hussein ponena kuti ali ndi zida zoopsa, zidazo sizinapezeke, chisankho chinachitikadi mu 2005 koma pofika 2014 mzinda wa Mosul unali m'manja mwa zigawenga za ISIS. Libya nayonso ili pamzati wachitatu: United Nations inaloleza kuteteza anthu wamba, ndege za NATO, mgwirizano wa asilikali a maiko a ku Ulaya ndi North America, zinathandiza kugwetsa mtsogoleri wa dzikolo Muammar Gaddafi, dziko nkugawanika pakati pa maboma awiri. Ine pandekha ndimaona kuti mzati wachiwiri ungathe kuikiridwa kumbuyo ndi mtima woyera, koma wachitatu wapha anthu ambiri osalakwa, ndipo ndimawauza anawo mosabisa. Ngakhale wachiwiriwo uli ndi mabala ake: asilikali a South Africa ndi Botswana atalowa ku Lesotho mu Seputembala 1998, masitolo ambiri a mu Maseru anaotchedwa ndi kuberedwa.

Chachitatu, malamulo. Aloweze ndime ziwiri zokha. Ndime 2(4) ya pangano la United Nations imaletsa dziko kuukira linzake. Ndime 4(h) ya pangano la African Union imalola bungweli kulowerera pakakhala kupulula mtundu wa anthu, milandu ya pankhondo kapena nkhanza zoopsa kwa anthu. Mwana wotchula ndime molondola amakopa oweruza msanga.

Chachinayi, a mbali yotsutsa asaiwale zakwathu. Kalata ya maepiskopi ya 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chofafaniza chisankho cha pulezidenti, zonsezi zinachitika popanda msilikali wakunja. A mbali yovomereza akhale okonzeka kuyankha kuti si wolamulira aliyense amene amalola riferendamu.

Zotsalazo nzachizolowezi. Ayeserere ndi wotchi, asinthane mbali kamodzi, ndipo aliyense alembe mfundo zake pakapepala kamodzi. Thiransipoti yopita kumpikisano mulipiriretu theka lokha, lotsalalo mukafika.