Kugula ndiwo ku Mbare Musika, msika wa ku Harare, popanda majumbo

Mwafunsa mmene mungagulire zinthu kumsika osabwerako ndi majumbo. Chitani izi:

1. Tengani thumba la ufa la makilogalamu 10 lomwe latha, mulitembenuze, mulichape, liume bwino. Pindani kukamwa kwake kawiri n'kusoka, apo ayi ulusi umasomoka. Zogwirira zikhale za chitenje chakale, ndipo muzisoke mopingasa kangapo, chifukwa thumba likalemera limayamba kuthothoka pamenepo.

2. Mbatata ndi anyezi pansi, tomato pamwamba. Masamba akulungeni m'kansalu konyowa kuti asafote.

3. Nyama ndi nsomba zikhale m'chidebe chovundikira. Magazi akadonthera m'thumba majeremusi amafika pa masamba, choncho chidebecho muchitsuke ndi sopo ndi madzi otentha mukangofika.

4. Lankhulani msanga, wogulitsa asanalonge: "Mayi, musandiikire m'jumbo."

Majumbo opyapyala kwambiri analetsedwa kuno ku Zimbabwe mu 2010, koma akupezekabe. Amatseka ngalande, ndipo mvula imawakokolera mu Mukuvisi, mtsinje wopita ku Lake Chivero komwe timamwa. Amene muli nawo kale musawaotche, utsi wake umawononga mapapo. Achapeni, muwagwiritsenso ntchito.