Malangizo kwa Anthu a ku Zambia Okhala ku Blantyre: Kupempha Overdraft kapena Khadi la Ngongole Mukatsegula Akaunti Yatsopano

Malangizo awa alembedwera anthu a ku Zambia amene akukhala, kugwira ntchito kapena kuchita malonda mumzinda wa Blantyre, ndipo angotsegula kumene akaunti ya current (yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku) ku banki ya muno m'Malawi. Ambiri mwa inu munasunga ndalama ku banki imodzi kwa zaka zambiri ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Ndola, mpaka munazolowera kuti ndalama zikachepa pakati pa mwezi banki inkakulolani kutapa zoposa zimene zinali mu akaunti. Mbiri yabwinoyo siwoloka nanu malire a Mwami ndi Mchinji. Banki ya ku Blantyre imakuonani ngati kasitomala amene sinamudziwebe, choncho kutsegula akaunti pakokha sikukupatsani overdraft (chilolezo chotapa zoposa zimene muli nazo) kapena khadi la ngongole. Zimenezi zimapemphedwa padera, zimaunikidwa padera, ndipo banki ili ndi mphamvu yokana.

Khadi limene munalandira potsegula akaunti, ngakhale litakhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, kawirikawiri limakhala la debit, kutanthauza kuti limangotapa ndalama zanu zomwe zili mu akaunti. Khadi la ngongole ndi lina, ndipo si mabanki onse a muno amene amalipereka kwa kasitomala aliyense.

Overdraft ndi chilolezo chimene banki imapereka kuti akaunti yanu ipitirire pansi pa ziro mpaka pa malire amene mwagwirizana. Chiwongoladzanja chake chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama zokhazo zimene mwagwiritsa ntchito, osati pa malire onse. Tiyerekeze kuti banki yakulolani K1,000,000 ya Malawi pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, ndipo inu mwatapapo K500,000 kuti mulipire katundu ku Limbe, kenako n'kubweza patatha masiku 10 makasitomala anu atakulipirani. Chiwongoladzanja cha masiku amenewo chidzakhala pafupifupi K4,110. Koma ndalama yomweyo ikakhala masiku 30 osabwezedwa, chimakwera kufika pafupifupi K12,330, ndipo apa simunawerengere ndalama imene banki imadula pokonza mgwirizanowo poyamba ndiponso pouwonjezera nthawi, zimene kawirikawiri zimachitika chaka ndi chaka. Pa chifukwa chimenechi overdraft imayenera munthu amene ndalama zake zimalowa mochedwerapo pang'ono koma mosalephera, monga wolandira malipiro apamwezi kapena wamalonda amene akudikira kuti amene anawapatsa katundu amulipire. Siyoyenera kugulira galimoto kapena kumangira nyumba kumudzi, pakuti m'mapangano ambiri muli mawu akuti banki ikhoza kuitanitsa ndalama zake nthawi ina iliyonse, ndipo munthu amene wazimangirira mu njerwa ndi malata sangathe kuzibweza tsiku limene zafunidwa.

Musasokoneze overdraft yovomerezeka ndi kupitirira malire popanda chilolezo. Malipiro amene amadulidwa okha mwezi ndi mwezi akapeza mu akaunti mulibe ndalama zokwanira, banki ikhoza kuwabweza ndi kukulipiritsani chindapusa, kapena kuwalipira n'kukuwerengerani chiwongoladzanja chokwera kuposa cha masiku onse. Kwa kasitomala watsopano, malipiro amodzi obwezedwa m'miyezi yoyambirira amawononga kwambiri pempho la ngongole limene angadzapereke pambuyo pake.

Khadi la ngongole limayenda mwanjira ina. Zonse zimene mwagula m'mwezi zimalembedwa pa sitetimenti imodzi, imene imasonyeza ndalama zonse zimene muli nazo ngongole, ndalama yochepetsetsa imene muyenera kulipira, ndi tsiku lomaliza kulipira. Pa makhadi ambiri, mukalipira zonse tsikulo lisanadutse, zimene munagula m'sitolo sizikhala ndi chiwongoladzanja. Mukalipira yochepetsetsa yokha, akaunti yanu imaoneka kuti ili bwino, koma zotsalazo zimabala chiwongoladzanja mwezi uliwonse, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri akhama ndi oona mtima amakodwa, chifukwa amaona ngati akubweza ngongole pamene akungolipira chiwongoladzanja chake. Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi limeneli n'kodula koposa, popeza kawirikawiri chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo ndipo pamakhalanso ndalama yodulidwa pa kutapako.

Tsopano za zimene banki imayang'ana. Chachikulu ndi mmene ndalama zikuyendera mu akaunti yatsopanoyo, ndipo mabanki ambiri amafuna kuona masitetimenti a miyezi 3 mpaka 6 asanaganizire pempho lanu. Ngati muli pa ntchito, pemphani abwana anu kuti malipiro azilowa mwachindunji mu akauntiyi kuyambira mwezi woyamba. Ngati ndinu wamalonda, ikani ku banki ndalama zimene mwagulitsa m'malo mozisunga m'thumba kapena kuzisiya zonse pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, chifukwa wounika pempho lanu sangawerengere malonda amene sakuoneka pa sitetimenti, ngakhale sitolo yanu itadzaza ndi ogula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Langizo limeneli ndi limene tikulitsindika kuposa ena onse m'chikalata chino, pakuti ndi lokhalo limene lili m'manja mwanu kotheratu.

Banki imafunsanso kwa mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene muno amagwira ntchito motsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, monga mmene kwanu kulili lamulo la Credit Reporting Act la 2018. Kampani ya TransUnion imapezeka m'mayiko onse awiri, koma musadalire kuti zimene zinalembedwa za inu ku Zambia zidzaonekera zokha pa kompyuta ya wounika wa ku Blantyre. Kwa iye, dzina lanu likhoza kubwera lopanda cholembedwa chilichonse, chabwino kapena choipa. Choncho ndi nzeru kubweretsa nokha lipoti la mbiri yanu ya ngongole lochokera ku Zambia, masitetimenti a banki yanu yakale, ndi kalata yochokera ku bankiyo yotsimikiza kuti munali kasitomala wosunga pangano. Banki ya kuno siikakamizidwa kuzilandira ngati umboni wokwanira, komabe zimathandiza wounikayo kuti asakuyambireni pa chabe.

Pali chinthu china chimene chimakhudza inu koma sichikhudza mzika ya Malawi, ndicho chilolezo chokhalira m'dziko. Kaya muli ndi Temporary Employment Permit, Business Residence Permit kapena Permanent Residence Permit, banki idzaona tsiku limene chilolezocho chikutha, ndipo n'kovuta kuti ikupatseni ngongole yopitirira tsikulo. Ngati chilolezo chanu chatsala miyezi yochepa, yambani mwachikonzetsa ku dipatimenti ya Immigration musanapereke pempho. NRC yanu ya ku Zambia yokha siingakwanire. Tengani pasipoti imene sinathe ntchito, chilolezocho, kalata ya abwana pamodzi ndi mapepala a malipiro a miyezi yapitayi, ndiponso umboni wa kumene mukukhala, monga bilu ya ESCOM kapena ya Blantyre Water Board, kapena pangano la lendi ngati biluyo ili m'dzina la eni nyumba. Wamalonda awonjezere satifiketi ya kalembera wa bizinesi ndi TPIN yochokera ku Malawi Revenue Authority, pakuti TPIN ya ZRA imagwira ntchito ku Zambia kokha. Mafunso ofuna kudziwa kumene ndalama zanu zimachokera asakukhumudwitseni, chifukwa lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limalamula mabanki kudziwa bwino makasitomala awo onse.

Ngati simungathe kudikira miyezi imeneyi, funsani ngati banki ingalole chikole. Njira imene mabanki ambiri amailandira mosavuta ndi kuika ndalama pa fixed deposit, akaunti imene ndalama sizitapidwa mpaka nthawi yogwirizana itakwana, kuti ziimire overdraft kapena khadi, ndipo malire amene mungapatsidwe amakhala ocheperapo pa ndalama zimene mwaikazo. Ena angaone ngati n'zopanda phindu kubwereka pamene uli ndi zako, koma kwa mlendo imeneyi ndi njira yoyambira mbiri ya ngongole m'dziko muno, ndipo ndi yotetezeka kwambiri kuposa kuthamangira kwa akatapila. Chimene sitikulangizani ndi kupereka mapempho ku mabanki atatu kapena anayi nthawi imodzi, chifukwa wounika akaona kuti dzina lanu lafunsidwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole kambirimbiri m'masabata ochepa amaganiza kuti mwapanikizika ndi ndalama.

Musanasaine, pemphani kuti akulembereni mtengo wonse wa ngongoleyo, ndipo funsani ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika kapena chosintha. Ngongole zambiri muno zimawerengedwa kuchokera pa reference rate, mulingo wa chiwongoladzanja umene mabanki onse amayambirapo, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki imawonjezerapo gawo lake malinga ndi mmene ikuonera kasitomalayo. Mulingo umenewu umatsatira kwambiri zimene Reserve Bank of Malawi yachita, ndipo mu Febuluwale 2024 bankiyi inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki ena, kufika pa 26 peresenti, zimene zikusonyeza kuti kubwereka m'Malawi si kotchipa. Musayerekeze ndi zimene munazolowera pansi pa Bank of Zambia. Werengani manambala a pa pangano lanu.

Amene mukufuna khadi la ngongole kuti muziligwiritsa ntchito popita kwanu kapena pogula katundu pa intaneti, dziwani kuti kugwiritsa ntchito khadi la Malawi kunja kwa dziko kumatsatira malamulo a ndalama zakunja, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zimenezi mabanki amaika malire a zimene mungalipire kunja, amenenso amasintha nthawi ndi nthawi. Zimene mwagula ku Chipata zidzalembedwa pa sitetimenti m'makwacha a Malawi malinga ndi mtengo wosinthira wa nthawi imene banki yakonza malipirowo. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti pa tsiku limodzi, ndipo kusintha kotere kumakweza nthawi yomweyo mtengo wa chilichonse chimene mukulipira kunja ndi khadi lanu. Ngati akaunti yanu ya ku Zambia ikadali yotsegula, kawirikawiri ndi bwino kulipira za ku Zambia ndi khadi la komweko.

Pempho lanu likakanidwa, funsani chifukwa chake mwaulemu ndiponso nthawi imene mungapemphenso. Ngati chifukwacho chikuchokera ku bungwe losunga mbiri ya ngongole, pemphani kuona zimene zinalembedwa za inu ndipo zolakwika zikonzedwe. Dandaulo lililonse liyambire ku nthambi yanu, lolembedwa, ndipo musunge kope lake. Likapanda kuyankhidwa mokhutiritsa, mukhoza kulipititsa kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Ndipo ntchito yanu ikatha n'kuganiza zobwerera ku Zambia, bwezani overdraft yonse, lipirani khadi mpaka pa ziro, lembani kalata yotseka zonse ziwiri, ndipo mutenge kalata ya banki yotsimikiza kuti mulibe ngongole musananyamuke, chifukwa akaunti yosiyidwa yotsegula imapitiriza kudulidwa ndalama za mwezi ndi mwezi, ndipo zimenezo zimalembedwa pa dzina lanu ngati ngongole yosabwezedwa.