Momwe mungasankhire pakati pa petulo ndi dizilo pogula galimoto yaikulu ya banja mu Lusaka

Ana akafika anayi kapena asanu, n'kuwonjezapo agogo amene amabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi madokotala, galimoto ya mipando isanu imayamba kuchepa, ndipo maso amatembenukira ku zija za mipando isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu. Mkangano wa petulo ndi dizilo umayambira pomwepo. Kuntchito wina adzakuuzani kuti ya dizilo siimwa mafuta, kutchalitchi wina adzakuchenjezani kuti injini ya dizilo ikadwala mudzagulitsa puloti, ndipo onse awiri akunena zoona malinga ndi misewu imene iwowo amayenda. Chimene chiyenera kukusankhirani ndi maulendo a banja lanu, ndipo njira yake ndi iyi.

Choyamba, lembani maulendo anu kwa mwezi wathunthu

Musanapite n'komwe kumalo ogulitsira magalimoto, pezani kabuku ndipo kwa milungu inayi muzilembamo makilomita amene galimoto yanu yaonetsa m'mawa ponyamuka ndi madzulo pofika. Amene mulibe galimoto, mapu a pa foni akuuzani kutalika kwa njira zimene mumayenda. Lembaninso nthawi imene ulendo uliwonse watenga, chifukwa kuchoka ku Chelstone kupita ku Cairo Road pa 7 koloko m'mawa, galimoto ikukwawa mumdipiti wa pa Great East Road, n'kosiyana kwambiri kwa injini ndi kuyenda mtunda womwewo pamsewu wopanda kanthu. Kenako onjezani maulendo aatali a pachaka. Kupita ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kutanthauza oposa 1,100 kupita ndi kubwera, ndipo banja limene silijomba ku Nc'wala mu February ndi ku Kulamba mu August, osawerengera maliro ndi maukwati, limadzazindikira kuti limayenda kwambiri kuposa mmene linkaganizira. Mukamaliza mukhale ndi manambala awiri: makilomita onse a pachaka, ndi gawo la makilomitawo limene mumayenda mothamanga kunja kwa tauni.

Chachiwiri, dziwani magalimoto amene alidi ndi mitundu yonse iwiri

Ambiri sadziwa kuti pa magalimoto amene adzaza m'misewu ya Lusaka, ena alibe n'komwe mtundu wa dizilo. Toyota Noah ndi Voxy zopangidwa kuyambira 2001 ndi za injini ya petulo ya malita 2.0, ndipo kuyambira 2014 kunabwera zophatikiza petulo ndi magetsi. Alphard nayo ndi ya petulo, kaya ya 2.4, 2.5, 3.0 kapena 3.5, ndipo Nissan Serena zambiri zimene timaitanitsa ku Japan ndi za petulo wa 2.0. Choncho ngati mtima wanu uli kale pa Noah, nkhani yatha, pokhapokha mukafunefune TownAce Noah zakale za m'ma 1990 zimene zina zinali ndi dizilo wa 2.2.

Kusankha kwenikweni kuli pa Mitsubishi Delica D:5, imene inatuluka mu 2007 ndi petulo wa 2.4 kenako n'kudzakhala ndi dizilo wa injini ya 4N14. Kulinso pa Toyota Hiace, imene ili ndi petulo wa 2.7 ndi dizilo wa 2.5, 2.8 kapena 3.0, pa Granvia ndi Regius zakale, komanso pa Hyundai H-1 imene ambiri amagula ku South Africa, ya petulo wa 2.4 kapena dizilo wa 2.5.

Chachitatu, werengerani ndi malita musanawerengere ndi makwacha

Lita imodzi ya dizilo imakhala ndi mphamvu zochulukirapo kuposa ya petulo, ndipo injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri n'kupindula nazo mphamvuzo bwino, n'chifukwa chake pa galimoto yofanana dizilo amayenda mtunda wautali pa lita. Tiyerekeze kuti ya petulo ikupatsani makilomita 8 pa lita, ya dizilo 11. Banja loyenda makilomita 12,000 pachaka lidzagula malita 1,500 a petulo kapena pafupifupi 1,090 a dizilo, kusiyana kwake malita ngati 410. Banja loyenda makilomita 30,000 lidzagula malita 3,750 a petulo kapena pafupifupi 2,730 a dizilo, ndipo apa kusiyanaku kwapitirira malita 1,000. Manambala a pa litawa ndi ongoyerekezera. Inu ikanipo amene eni magalimoto otere akupezadi, makamaka amene amayesa podzaza thanki mpaka pakamwa ndi kudzadzazanso.

Mukatero m'pamene muchulukitse ndi mtengo wa pampu. Mu 2022 bungwe loona za mitengo ya mafuta la Energy Regulation Board linayamba kuunikanso mitengo mwezi ndi mwezi, ndipo pakhalapo miyezi imene dizilo anakwera kuposa petulo, kotero kudalira mtengo wa mwezi umodzi n'kudzinamiza. Tengani mitengo ya miyezi ingapo yapitayi. Zimene mwapeza kuti mudzapulumutsa pachaka muziyerekeze ndi ndalama yoonjezera imene mulipire pogula ya dizilo, popeza kawirikawiri imakhala yokwera mtengo kuposa inzake ya chaka chomwecho. Ngati pangatenge zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kuti ndalamayo ibwerere, ine ndinganene kuti musavutike nayo.

Chachinayi, funsani za DPF

Apa ndi pamene mabanja ambiri a m'tauni amagwera m'mbuna. Magalimoto a dizilo amakono, kuphatikizapo Delica D:5 ndi Hiace zatsopanoko zochokera ku Japan, ali ndi sefa ya mwaye m'paipi ya utsi, imene amakaniko amangoitchula kuti DPF. Sefayi imagwira mwaye, ndipo ikayamba kudzaza injini imatenthetsa utsi kwambiri kuti mwayewo upse. Kuti zimenezi zitheke injini iyenera kukhala yotentha bwino ndi kuyenda mosadukiza kwa mphindi makumi awiri kapena kuposerapo. Ulendo wokasiya ana kusukulu, kudutsira kumsika n'kubwerera kunyumba supereka mpata umenewo. Ntchito yowotcha mwaye imayamba, inu n'kuzimitsa injini pageti, ndipo dizilo woonjezera amene amathiridwa pa ntchitoyi ena amatsikira mu oyilo n'kumusungunula.

Alamu anga anagula galimoto yotere atatengeka ndi nkhani ya kusamwa mafuta, pamene maulendo awo onse anali a pakati pa Chilenje ndi tauni. Pasanathe miyezi yambiri kanyali kachikasu kanayamba kuyaka, galimoto n'kufooka ngati yamangidwa chingwe kumbuyo, ndipo titasolola kandodo koyezera oyilo tinapeza oyiloyo wakwera kupitirira chizindikiro, wopyapyala, akununkha dizilo. Kugalaja ina anawauza kuti angoichotsa sefayo. Njira imeneyo ilipodi ndipo ambiri amaitsata, koma imasiya galimoto ikufuka utsi wakuda pamaso pa oyenda pansi, ndipo ikachitidwa mosasintha bwino kompyuta ya injini imabala mavuto ena. Iwo anasankha kutsukitsa sefayo, ndipo tsopano Loweruka lililonse amayenda nayo mpaka ku Kafue n'kubwerera, ulendo umene ukudya gawo la mafuta amene ankati apulumutsa.

Funsaninso ngati galimotoyo imafuna AdBlue, mankhwala amadzimadzi oyeretsa utsi, othira m'kathanki kapadera, monga Hiace za injini ya 2.8 ndi Delica zopangidwa kuyambira 2019, chifukwa akatha galimoto imakana kulira. Dziwaninso kuti injini ya DPF imafuna oyilo wake wosasiya phulusa lambiri, amene pachigubu amalembedwa DL-1 kapena gulu la C, ndipo oyilo wa malole samuyenera. Chotonthoza n'chakuti kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola imanyamula dizilo wa salifa wochepa, amene ndi woyenera mainjini amakonowa. Chimene chatsala n'kupewa dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, popeza madzi pang'ono kapena dothi zimapha mainjekita, tizipangizo topopera mafuta m'injini, ndipo mainjekita anayi a injini zamakono za common rail mtengo wake ungafafanize zonse zimene munapulumutsa chaka chonse.

Chachisanu, ganizirani katundu ndi zitunda

Pano dizilo amapambana mosakayikitsa. Delica ya dizilo imatulutsa mphamvu yokokera ya 360 Nm injini isanalire n'komwe kwambiri, pamene ya petulo wa 2.4 imafika cha m'ma 225 Nm itakuwa kale. Amene anakwerapo zitunda za Manenekela cha ku mlatho wa Luangwa, m'galimoto muli anthu asanu ndi atatu, matumba awiri a chimanga ndi mtedza wochokera kumudzi, akudziwa kusiyana kwake. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mpweya ndi wopepukirapo, ndipo injini yopanda turbo imatayako mphamvu kuposa ya turbo. Komanso Noah, Voxy ndi Serena zambiri zili ndi giya yodzisintha yokha ya mtundu wa CVT, imene siikonda kulemedwa kapena kukoka ngolo tsiku ndi tsiku.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani makaniko musanapeze galimoto

Injini ya petulo ya Noah kapena Alphard pafupifupi makaniko aliyense wa ku Matero kapena ku Chawama anaitsegulapo, ndipo mapulagi, makoyilo ngakhale injini yathunthu yakale zimapezeka m'masitolo a m'tauni tsiku lomwelo. Dizilo wa Hiace nayenso ali ndi omudziwa ambiri chifukwa cha maminibasi. Koma dizilo wa Delica kapena wa magalimoto ochokera ku Ulaya amafuna munthu wa makina oyezera mainjekita ndi kompyuta yowerengera zolakwika, ndipo zipangizo zina mudzadikira kuti zibwere kuchokera kunja. Pitani nokha kusitolo mukafunse mtengo wa sefa ya mafuta, sefa ya oyilo, injekita imodzi ndi turbo, mulembe m'kabuku kaja. Pa Hiace ya dizilo wa 2.5 kapena 3.0 onjezanipo lamba wa taimingi amene amasinthidwa pa makilomita olembedwa m'buku la galimotoyo, pamene ya petulo wa 2.7 ili ndi tcheni. Msonkho wa ZRA polowetsa galimoto pa Nakonde umadalira mtundu, zaka ndi kukula kwa injini, ndipo msonkho wa utsi umene mumalipira pamodzi ndi wa msewu ku RTSA nawo umatsata kukula kwa injini, choncho funsani za galimoto yeniyeniyo musanatumize ndalama.

Chachisanu ndi chiwiri, kaiyeseni m'mamawa injini ili yozizira

Muuzeni wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika ikani dzanja pa injini kuti mutsimikize. Ya dizilo yabwino imalira msanga kanyali ka mahita kakangozima, ndipo kautsi koyamba kamatha m'masekondi ochepa. Utsi wabuluu ngati wa oyilo wopsa umaloza ku turbo kapena maringi, woyera wosatha umaloza ku madzi olowa m'injini kapena mainjekita, ndipo wakuda wochuluka popondereza umasonyeza kuti mafuta sakupsa bwino. Injini ikulira, masulani chitsekerero cha oyilo n'kuchisiya pamalo pake: chikamangonjenjemera pang'ono palibe vuto, koma chikamadumpha ndi kufuka utsi, injiniyo yatopa. Pa galimoto ya DPF, injini isanalizidwe pisani chala m'kamwa mwa paipi ya utsi. Chikatuluka chakuda bii, sefayo inachotsedwa kapena inasweka. Oyilo wakuda asakuopseni, popeza wa dizilo amada msanga. Pa Granvia ndi Regius za injini ya dizilo ya 1KZ yang'anani thovu m'madzi a radiyeta, chifukwa injini imeneyi ikatenthapo kwambiri mutu wake umang'aluka.

Ya petulo imvetsereni ngati ikudumphadumpha itaima, ndipo poyenda onani ngati giya ya CVT ikunjenjemera ponyamuka. Pa Alphard ya 2.4 funsani za kumwa oyilo, limene ndi vuto lodziwika pa injini zina za mtunduwo. Mtundu uliwonse, lipirani makaniko wanu kuti alumikize kompyuta, ndipo yerekezani makilomita a pa galimoto ndi a pa zikalata zochokera ku Japan.

Mukagula

Sinthani oyilo ndi masefa onse mlungu woyamba, ngakhale wogulitsa alumbire kuti anasintha dzulo, ndipo lembani makilomita a tsikulo. Ngati mwatenga ya dizilo, pemphani makaniko akuonetseni kabotolo kolekanitsa madzi pansi pa sefa ya mafuta ndi mmene mungakhuthulire, makamaka m'nyengo ya mvula. Matani pepala lolembedwa mtundu wa mafuta pa chitseko cha thanki, popeza othira mafuta azolowera kuti galimoto za banja zotere ndi za petulo, ndipo auzeni onse oyendetsa pakhomo panu kuti petulo akalowa molakwika m'thanki ya dizilo asatembenuze kiyi ngakhale pang'ono, galimotoyo ikankhidwire pambali mpaka thanki itakhuthulidwa.